Kuchepetsa Cholesterol Kuyambira Mumphika wa Pakhomo

Munthu amene cholesterol wake wakwera samva kupweteka paliponse. Amadzuka bwinobwino, amapita kumunda kapena kuntchito, amadya n'kukhuta. Zaka zimadutsa choncho, khumi mwinanso makumi awiri, mpaka tsiku lina timangomva kuti bambo auje agwa kubafa, mkono ndi mwendo zafa, pakamwa papotoka. Pamudzi pamayamba manong'onong'o akuti pali amene wawachita chipongwe, ndipo gogo wina wosalakwa amayamba kulozedwa zala. Chonsecho chimene chawagwetsa chinali m'mitsempha yawo kuyambira kalekale, ndipo chikanatha kuchepetsedwa.

Kabuku aka ndi ka amene amagwira mthiko komanso amene amatulutsa ndalama ya ndiwo. Onse awiri ali ndi mbali, pakuti mayi sangachepetse mafuta mumphika ngati bambo akakwiya poona msuzi usakunyezimira.

Kodi cholesterol n'chiyani?

Ndi mtundu wa mafuta amene amayenda m'magazi, n'chifukwa chake ambiri amangoti mafuta a m'magazi. Si poizoni. Thupi limamufuna pomanga maselo, popanga mahomoni ndi vitamini D, komanso popanga ndulu imene imathandiza kugaya zakudya zamafuta. Wochuluka amapangidwa ndi chiwindi chathu chomwechi. Wotsalayo timamupeza mu zakudya zochokera ku nyama, monga nyama yeniyeniyo, zam'kati, mazira ndi mkaka. Mu zomera mulibe cholesterol woti n'kumuwerengera.

Popeza mafuta sasakanikirana ndi madzi, cholesterol amayenda m'magazi atakutidwa m'timapaketi. Timapaketi tofunika kutidziwa ndi tiwiri. LDL amachotsa cholesterol kuchiwindi n'kupita naye m'thupi monse, ndipo akachuluka amalowerera m'makoma a mitsempha n'kukhazikika momwemo. Ameneyu ndi amene achipatala amati woipa. HDL amatola wotsala n'kumubwezera kuchiwindi, ndiye amati wabwino. Pa pepala la zotsatira mudzaonanso dzina lakuti triglycerides. Awa ndi mafuta ena a m'magazi amene amakwera kwambiri ndi shuga, mowa, kunenepa ndi kudya zokhutitsa mopitirira muyeso.

Amene analimapo kudimba akudziwa zimene zimachitika mu ngalande yothirira. Matope amaunjikana pang'onopang'ono, madzi n'kumadutsabe koma ochepa, ndipo mwini dimba saona vuto. Tsiku lina chibuma chimagumuka n'kutseka pamene panapanikizika kale, mbewu za kumunsi n'kufota. M'mitsempha zimachitikanso choncho. Pamene pakhazikika mafuta paja pamatha kung'ambika, magazi n'kuundana pomwepo, njira n'kutsekeka. Ukatsekeka mtsempha wodyetsa mtima, mbali ya mtimawo imayamba kufa. Ukatsekeka wopita ku ubongo, ndiye sitiroko.

Zikafika apa, nthawi ndi yofunika kuposa china chilichonse. Munthu akapotoka pakamwa mwadzidzidzi, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi ukafooka, akayamba kulankhula zosamveka, kapena akamva kuti pachifuwa pamuthina kwambiri, ululu n'kumafika kumkono kapena kunsagwada, thukuta lili kamukamu, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Musadikire kuti kuche, musayambe mwadzera kwina. Kumbukirani nthawi imene zayambira, chifukwa adokotala akafunsa.

Si matenda a anthu olemera okha

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati matenda a mtima ndi mitsempha ndiwo akupha anthu ambiri padziko kuposa ena onse, ndipo mu 2019 anapha anthu pafupifupi 17.9 miliyoni. Kuno kwathu, kafukufuku wa STEPS amene unduna wa zaumoyo unachita pamodzi ndi WHO mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi BP yokwera, ndipo pafupifupi 9 mwa 100 aliwonse anali ndi cholesterol wokwera. Nambala ya cholesterol ingaoneke yaing'ono, koma vutoli siliyenda lokha. Likakumana ndi BP, matenda a shuga ndi fodya m'thupi limodzi, mitsempha imaonongeka msanga kwambiri.

Tinazolowera kuyamikira munthu akanenepa kuti zikumuyendera, ndipo woonda timamukayikira kuti akudwala. Maganizo amenewa atipweteka. Mimba ikatuluka, chiopsezo chimakwera. Tengani tepi ya atelala muyese m'chiuno modutsa pamchombo: bambo akapitirira masentimita 94, mayi akapitirira 80, ndi nthawi yosintha kadyedwe. Komatu woonda asadzinamize kuti ali pabwino. Alipo anthu amene amabadwa ndi chiwindi chimene chimalephera kuchotsa LDL bwinobwino, pafupifupi mmodzi mwa 250 aliwonse, ndipo vutoli limayenda m'magazi a kubanja. Ngati bambo anu kapena mchimwene wanu anadwala mtima asanafike zaka 55, kapena mayi anu kapena mchemwali wanu asanafike 65, auzeni achipatala. Ena mwa anthu otere amatuluka timadontho tachikasu pazikope, koma ambiri satuluka kalikonse. Amayi akasiya kusamba, LDL wawo amakonda kukwera. Matenda a impso ndi a chithokomiro nawonso amamukweza.

Njira yodziwira ndi imodzi yokha, kuyezetsa magazi. Si chipatala chaching'ono chilichonse chimene chimayeza, choncho funsani kuchipatala cha boma lanu, makamaka ku kiliniki ya BP ndi shuga, kuti akuuzeni kumene mungapite. Nthawi zina amakuuzani kuti mubwere m'mawa musanadye. Kwa munthu wamkulu wopanda matenda ena, cholesterol yense asapitirire 5 mmol/L, LDL akhale pansi pa 3, triglycerides pansi pa 1.7, pomwe HDL ndi bwino akhale pamwamba pa 1. Amene ali ndi shuga kapena anadwalapo mtima kapena sitiroko amafunika LDL wotsika kuposa pamenepa, ndipo adokotala ndiwo angawaikire mlingo.

Mafuta amene amagwirana

Ambiri akamva za cholesterol amathamangira kusiya mazira. Koma chimene chimakweza LDL kwambiri si cholesterol wa mu chakudya ayi, ndi mtundu wa mafuta amene timadya. Mungauzindikire ndi maso. Phikani nyama ya ng'ombe yonona madzulo, yotsala muisiye mumphika. M'mawa mukavundukula mupeza pamwamba pa msuzi payera, pagwirana chinthu cholimba chimene mungachidule ndi supuni. Mukadya nyama ya mbuzi itazizira, ndi chomwecho chimene chimamata kumilomo ndi kumwamba kwa kamwa. Mafuta amene amagwirana akazizira amachititsa kuti chiwindi chichite ulesi pochotsa LDL m'magazi. WHO imalangiza kuti mafuta a mtundu umenewu asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu imene timapeza mu chakudya cha tsiku.

Amapezeka mu nyama yonona ya ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba, mu khungu la nkhuku, nthumbwana, soseji, poloni, batala, ndi mkaka wa kirimu. Sitikunena kuti nyama ichoke pakhomo. M'makomo ambiri imalowa mwa apo ndi apo, ndipo ana amaifuna. Nkhani ili pa kakonzedwe. Dulani mafuta oyera aja musanaphike. Wiritsani nyama, isiyeni izizire, dengulani mafuta ogwiranawo n'kutaya, kenako thirani tomato ndi anyezi n'kutenthetsanso. Simufunika kuthiranso mafuta a m'botolo pa nyama imene ili ndi mafuta ake kale. Nkhuku yachizungu ichotseni khungu, chifukwa mafuta ake ambiri ali pamenepo. Yachikuda imakhala ndi mafuta ochepa.

Abambo, apa tikulankhula ndi inu. Kanyenya wa pamalo omwera, nthumbwana ndi tchipisi cha pachiwaya tsiku ndi tsiku poweruka kuntchito, zimenezi mayi akunyumba saziona ndipo sangazichepetse. Tayang'anani mafuta a m'chiwaya muja nthawi ya madzulo: akuda bii, akuchita thovu, akufuka utsi, ndipo mawa adzangothiramo ena pamwamba. Mafuta akatenthedwa mobwerezabwereza chonchi amaonongeka n'kupanga zinthu zovulaza mitsempha. Chimodzimodzi mandasi, zigege ndi zitumbuwa, zimene zimamwa mafuta ambiri. Kudya kamodzi pa nthawi si mlandu, koma zisasanduke kadzutsa ndi nkhomaliro ya masiku onse.

Palinso mafuta ena oipitsitsa amene amapangidwa ku fakitale poumitsa mafuta a zomera, otchedwa trans fat. Amakweza LDL n'kutsitsanso HDL. Amatha kupezeka m'majarini ena olimba, mabisiketi, makeke ndi zina zophikidwa kale za m'mapaketi. Mu 2018 WHO inapempha mayiko onse kuti awachotse mu zakudya. Mukaona mawu akuti partially hydrogenated pa paketi, ibwezeni pa shelefu.

Botolo la mafuta ophikira

Mabotolo ambiri amalembedwa kuti alibe cholesterol. N'zoona, koma palibe chodabwitsa, pakuti mafuta onse a zomera alibe cholesterol. Funso loyenera kufunsa n'lakuti apangidwa kuchokera ku chiyani. A mpendadzuwa, a soya ndi a mtedza ndi abwino ku mtima, ndipo akalowa m'malo mwa mafuta a nyama amatsitsa LDL. A kanjedza, amene pa botolo amalemba kuti palm, pafupifupi theka lake ndi mafuta ogwirana aja, ndipo a kokonati amaposa pamenepo. M'miyezi yozizira ya June ndi July, mafuta amene ali ndi palm wambiri amachita mbuu m'botolo, nthawi zina n'kulimba pansi. Oyeza pamsika a m'timajumbo sadziwika kuti ndi a mtundu wanji, ndiye amenewo chepetsani kwambiri.

Musasiyiretu mafuta. Ndi limodzi mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi amatiphunzitsa, amathandiza thupi kulandira vitamini A wa m'masamba, ndipo mafuta ovomerezeka a m'dziko muno amaikidwamo vitamini A. Cholakwika ndi kuthira mopendeketsa botolo mpaka masamba asambire. Yesani ndi supuni. Supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri zimakwanira mphika wa ndiwo za banja lonse. Sabata yoyamba pakhomo padzakhala madandaulo, koma lilime limazolowera, ndipo botolo limene linkatha pakati pa mwezi lidzafika kumapeto.

Zimene zimatsitsa, ndipo tili nazo kale

Mbali iyi ndi yokondweretsa, chifukwa zakudya zimene zimatsitsa cholesterol sizifuna kupita ku golosale yaikulu. Ndi zomwe zija timachita nazo manyazi alendo akabwera, n'kumapepesa kuti atipeza tilibe ndiwo.

Tiyambe ndi therere lobala. Kuterera kwake kuja, kumene kumatambasuka pakati pa mbale ndi mbamu, ndiko kuli ntchito. Chiwindi chimagwiritsa ntchito cholesterol popanga ndulu, n'kuitsanulira m'matumbo tikadya. Ndulu yambiri ikamaliza ntchito imabwerera kuchiwindi kuti igwirenso ntchito. Koma ikakumana ndi zoterera za mu therere, ina imakodwa n'kutuluka ndi chimbudzi. Chiwindi chikaona kuti ndulu yachepa, chimakoka LDL m'magazi kuti chipange ina. Umu ndi mmene mbale ya therere imatsitsira cholesterol. Zoterera za mtundu womwewu zilinso mu nyemba, nandolo, khobwe, nzama, mabiringano, magwafa, malalanje, malambe ndi phala la oats.

Zimenezi zinayesedwa. Mu 2003, David Jenkins ndi anzake a ku University of Toronto m'dziko la Canada anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anapatsa anthu a cholesterol wokwera zakudya za soya, mtedza wa almond, oats, balere, therere ndi mabiringano, komanso majarini apadera okhala ndi zinthu za mu zomera zotchinga cholesterol. Pa mwezi umodzi LDL wawo anatsika ndi pafupifupi 29 peresenti, pomwe amene anapatsidwa mankhwala anatsika ndi pafupifupi 31. Anthuwa ankachita kupatsidwa chakudyacho, ndipo pamene kadyedwe komweko kanayesedwa pa anthu odziphikira okha kunyumba, LDL sanatsike kwambiri ngati apa. Komabe taonani mndandandawo: theka lake lili m'munda mwanu.

Pophika therere ndi masamba, chepetsani soda kapena chidulo. Soda amapha mavitamini ena ndipo ali ndi mchere wokweza BP. Therere lobala lanthete, lodulidwa mopyapyala, limapsa ndi kuterera bwinobwino ndi tomato yekha.

Nyemba ndi abale ake ziziphikidwa kangapo pa sabata, ndipo masiku ena zilowe m'malo mwa nyama. Amene amadandaula kuti zimawatupitsa m'mimba, aziviike usiku wonse, ataye madziwo n'kuphika ndi ena. Zimapsa msanga, makala sawonongeka, ndipo mpweya umachepa. Yambani ndi zochepa, mimba imazolowera. Soya naye ndi wabwino, kaya m'phala kaya nyama ya soya ya m'mapaketi, bola musathire kapaketi konse ka zokometsera, pakuti kali ndi mchere wambiri, ndipo musaikazinge m'mafuta ochuluka.

Kutendera ndi nzeru imene makolo athu anatisiyira, ndipo sitiyenera kuitaya. Nkhwani, mpiru, chisoso, bonongwe, kholowa kapena mfutso zikathiridwa nsinjiro sizifunanso dontho la mafuta, ndipo mafuta a mu mtedza ndi a mtundu wabwino uja. Mtedza wokazinga wodzadza dzanja limodzi, wopanda mchere wambiri, uposa mandasi awiri pa nthawi ya tiyi. Chenjezo ndi limodzi: sankhani mtedza musanasinje. Wachuku, wofota ndi wowawa tayani, musaupititse ku nsinjiro poganiza kuti sudzaoneka, chifukwa chuku chimapanga poizoni woononga chiwindi amene satha ndi moto. Mapeyala nawo ali ndi mafuta abwino. Pakani peyala pa buledi m'malo mwa majarini.

Nsomba, kaya usipa, matemba, utaka, chambo kapena mlamba, zili ndi mafuta ogwirana ochepa poyerekeza ndi nyama yofiira, ndipo mafuta a nsomba amathandiza kutsitsa triglycerides. Kawiri pa sabata kapena kuposa ndi bwino. Usipa wouma uviikeni pang'ono m'madzi ofunda kuti mchenga ndi mchere zichoke, kenako uphikeni ndi tomato ndi anyezi. Chambo chowotcha kapena chophika ndi msuzi chiposa chomizidwa m'mafuta.

Nanga nsima? Ufa woyera umataya gaga ndi mtima wa chimanga pokonola, ndipo umasanduka shuga m'magazi mwamsanga. Mgaiwa pawokha sutsitsa LDL ngati mmene zimachitira nyemba ndi therere, koma umakhalitsa m'mimba, ndiye munthu sadya mitanda yambiri ndipo thupi silikwera. Ngati pakhomo akuukana, yambani mwa kusakaniza ufa woyera ndi mgaiwa. Mapira, mawere ndi mbatata yowiritsa ndi zabwinonso. Poika chakudya m'mbale, ndiwo zamasamba zichuluke kuposa mmene tinazolowerera, zisakhale zongonyowetsera mbamu. WHO imati munthu wamkulu adye magalamu 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku. M'nyengo ya mango, masuku, masau ndi mapapaya zimenezi n'zosavuta. M'chilimwe mfutso ndi masamba a kudimba ndiwo amatiombola.

Shuga wa mu tiyi, thobwa lotsekemera kwambiri, zakumwa za m'mabotolo ndi mowa, kaya wa m'botolo, masese kapena kachasu, zimakweza triglycerides ndi kunenepetsa mimba. Amene amathira masupuni anayi mu kapu atsike pa atatu, kenako awiri. Mchere sukweza cholesterol, koma umakweza BP imene imaononga mitsempha yomweyo. Usapitirire magalamu 5 pa tsiku, amene sadzadza n'komwe supuni yaing'ono ya tiyi, kuphatikizapo wa mu zokometsera zogula.

Mazira ndi ana

Mbali yachikasu ya dzira ili ndi cholesterol wambiri ndithu, koma dzira lili ndi mafuta ogwirana ochepa, ndipo kwa anthu ambiri dzira limodzi pa tsiku silivuta, makamaka lowiritsa. Amene ali ndi shuga kapena LDL wokwera kwambiri afunse achipatala kuti adye angati pa sabata. Chiwindi, impso ndi ubongo wa nyama zili ndi cholesterol wochuluka, ndiye wamkulu amene wapezeka ndi vutoli azidye patalipatali.

Chonde, malangizo a m'kabuku aka musawagwiritse ntchito pomana ana. M'dziko muno ana ambiri ndi opinimbira chifukwa chosowa zakudya zomanga thupi. Mwana wosafika zaka ziwiri amene wayamba kudya amafuna mkaka wa m'mawere, dzira, nsomba, nsinjiro ndi kasupuni ka mafuta m'phala lake kuti ubongo ndi thupi zikule. Mayi woyembekezera ndi woyamwitsa nayenso asadzimane. Chimene tingachepetse kwa ana ndi zokazinga za pageti la sukulu, maswiti ndi zakumwa zotsekemera, kuti asakule atazolowera.

Thupi liziyenda

Kulima, kutunga madzi, kupalasa njinga ndi kuyenda ndawala zonse zimawerengedwa. Munthu wamkulu amafunika mphindi zosachepera 150 pa sabata za ntchito yotulutsa kathukuta, monga mphindi 30 kwa masiku asanu. Vuto lili kwa ife a m'tauni amene timakwera kabaza ngakhale popita pamsika wapafupi, n'kukakhala pampando tsiku lonse. Kuyenda kumakweza HDL ndi kutsitsa triglycerides. Fodya, wa m'sitolo kapena wopichira, amatsitsa HDL ndi kukanda makoma a mitsempha kuti mafuta akhazikike mosavuta. Ameneyu alibe mlingo wabwino, ndi wofunika kusiyiratu.

Pamene chakudya chokha sichikwanira

M'mabasi ndi m'misika mumamveka ogulitsa mankhwala amene amati amatsuka magazi kapena kusungunula mafuta m'thupi. Ena amalimbikira madzi otentha a mandimu m'mawa uliwonse. Mandimu ndi adyo ndi zabwino mu chakudya, koma palibe chakumwa chimene chimakokolola mafuta amene akhazikika kale m'mitsempha, ndipo zosakaniza zosadziwika zimatha kuononga impso ndi chiwindi. Ndalamazo ndi bwino mugulire nyemba ndi usipa.

Mukasintha kadyedwe, pitirizani kwa miyezi itatu kenako mukayezetsenso. Ena LDL wawo amatsika mokwanira. Ena satsika mokwanira ngakhale ayesetse bwanji, makamaka aja a kubanja, ndipo si kulephera kwawo. Kwa otere, komanso kwa amene anadwalapo mtima kapena sitiroko ndi ambiri a matenda a shuga, adokotala amapereka mapiritsi a gulu la statin, monga simvastatin kapena atorvastatin, amene amachepetsa cholesterol amene chiwindi chimapanga. Amamwedwa tsiku lililonse kwa nthawi yaitali, ndipo mukasiya LDL amakweranso. Kumwa mapiritsi sikutanthauza kuti mubwerere ku chiwaya, ziwirizi zimayendera limodzi.

Mayi woyembekezera, woyamwitsa kapena amene akufuna kutenga pakati awauze adokotala asanayambe mankhwalawa. Amene akumwa ma ARV asawasiye ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha cholesterol. Ma ARV ena amakwezadi mafuta a m'magazi, ndipo ena sagwirizana ndi simvastatin, choncho popita ku kiliniki tengani buku lanu la kuchipatala ndi mabotolo a mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo azitsamba, kuti akusankhireni oyenera. Mukayamba statin n'kumva minofu ikuphwanya mosazolowereka, kapena mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, bwererani kuchipatala mwamsanga kuti akaone ngati n'kofunika kusintha mlingo kapena mtundu wa mankhwala.